Momwe mungasumire za chithandizo cha mwana ku Salima

Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mwana aliyense ayenera kusamalidwa ndi makolo ake, kaya ali pabanja, sanakwatirane kapena banja linatha, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 ndi limene limapatsa makhoti mphamvu yokakamiza kholo lothawa udindowu. Komabe boma silisaka lokha kholo lotere. Nkhani imayamba pokhapokha wina akakadandaula, ndipo wodandaulayo akhoza kukhala mayi, bambo, agogo amene akulera mwanayo, wachibale wina kapena mlangizi wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu.

Ambiri amayambira kwa ankhoswe ndi kwa anyakwawa, kenako ku Victim Support Unit (nthambi ya polisi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza) kapena ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ya paboma, kumene amaitana mbali zonse ziwiri kuti zigwirizane. Njira imeneyi ndi yabwino, koma zimene mwagwirizana kumeneko zimadalira mtima wa wolonjezayo. Chigamulo cha khoti chokha ndicho chili ndi mphamvu yodula malipiro kapena kulanda katundu, choncho lonjezo likaphwanyidwa kawiri, musachedwe kupita kukhoti la majisitireti, kumene milandu yokhudza ana imazengedwa.

Kukhoti mukafotokozera kalaliki dandaulo lanu ndipo winayo amatumiziridwa chisamani. Tengani chiphaso cha kubadwa kwa mwana, buku lake la kuchipatala, malisiti a fizi ndi a mankhwala, komanso pepala limene mwalembapo zimene mwanayo amafuna pa mwezi: ufa, ndiwo, sopo, makope, yunifolomu ndi gawo lake la lendi. Bambo akakana mwana, khoti limayang'ana ngati dzina lake linalembedwa pa chiphaso, ngati anavomerapo pagulu kuti mwanayo ndi wake, kapena ngati anachita mwambo uliwonse woonetsa kuti ndi kholo, ndipo likhoza kulamula kuti akayezedwe magazi. Kukana kuyezedwa nakonso kumawerengedwa ngati umboni.

Pamene milandu yambiri ya kuno imafookera ndi pa umboni wa zimene kholo limapeza. Woweruza amaganizira chuma cha makolo onse awiri, ana ena amene wosumiridwayo akusamalira, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwana akukhala, koma sangagamule pa zinthu zimene sanauzidwe. Munthu wolembedwa ntchito, monga mphunzitsi kapena wogwira ntchito kumunda wa nzimbe, sabisika, chifukwa khoti likhoza kulamula abwana ake kuti azidula ndalamayo malipiro asanamufike. Msodzi wa ku Senga Bay kapena mlimi wa mpunga ku Lifuwu alibe pepala la malipiro, ndipo n'kosavuta kuti aime pamaso pa woweruza n'kunena kuti nyanja yauma. Apa muyenera kufotokoza zooneka ndi maso: kuti ali ndi boti la injini ndi chilimira, kuti ali ndi anyamata angati omugwirira ntchito, kuti usipa wake amauyanika pa matandala angati ndipo amagulitsa kwa ogula ochokera ku Lilongwe. Mboni imene imamuona padoko tsiku ndi tsiku imathandiza kwambiri. Ndi bwinonso kupempha kuti chigamulo chigwirizane ndi kapezedwe kake, mwachitsanzo kuti fizi azilipira yonse poyamba teremu, kapena kuti azipereka matumba a mpunga akakolola, chifukwa ndalama ya pamwezi imavuta nthawi ya mwera ndi nthawi imene nyanja yatsekedwa.

Mukawina mlandu, tengani kope ya chigamulo ndipo pemphani kuti ndalama zizidzera kukhoti, kubanki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, osati pamanja, kuti pakhale umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwake. Mauthenga a pafoniwo musamafufute, ndipo muzilembanso m'kope mwezi uliwonse umene wadumpha.

Akasiya kupereka, bwererani kukhoti lomwelo ndi kope lanu lolembamo miyezi yodumphayo, osayambiranso kwa amfumu. Khoti limamuitananso kuti afotokoze chifukwa chake, likhoza kutumiza masherifu kukalanda katundu woti agulitsidwe kuti ngongole ibwezedwe, ndipo wonyozera dala chigamulo akhoza kumangidwa. Amene ntchito yamutheradi asangokhala chete, apemphe khoti kuti lichepetse ndalamayo, monga momwe wolera mwana angapemphere kuti ikwezedwe mitengo ikakwera. Kuletsana kuona mwana chifukwa cha ndalama n'kulakwira mwanayo, ndipo nkhani imeneyi nayonso imathetsedwa ndi khoti.

Kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, koma chithandizo chikhoza kupitirira ngati akadali pasukulu. Amene alibe ndalama zolipira loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, ngakhale kuti mlandu wotere munthu amatha kudziyankhulira yekha m'Chichewa.