Mmene mungafufuzire mbiri ya malo oimbirako jazi ku Salima

Musanayambe kufunsa anthu, dziwani kuti kwa akuluakulu a kuno mawu akuti jazi satanthauza nyimbo za malipenga za ku New Orleans zokha. Ambiri akamati jazi amanena magulu a anyamata oimba ndi banjo yopangidwa ndi chigubu cha mafuta komanso ng'oma za chikopa cha mbuzi, monga gulu la Alan Namoko la Chimvu River Jazz Band la ku Thyolo, ndipo mukapanda kumvetsa zimenezi mudzabwerera chimanjamanja atakuuzani kuti kuno jazi kunalibe.

Mwini malo mwina anamwalira kalekale, ndipo nyumbayo pano ndi golosale kapena tchalitchi. Funafunani amene ankagwirapo ntchito, makamaka alonda, ogulitsa mowa ndi amayi amene ankakazinga nsomba pakhomo, chifukwa iwowa ndiwo amakumbukira gulu limene linkadzaza malo ndi limene linkaimbira mipando. Mukafika pakhomo pawo lonjeranani kaye mofatsa, mufotokoze kuti ndinu mwana wa yani, ndipo foni yojambulira mawu muitulutse pokhapokha atavomera.

Chovuta kwambiri ndi zaka. Mukafunsa kuti chinali chaka chanji, yankho limangokhala lakuti ndi kale, choncho funsani mozungulira. Mungati, “Agogo, polowa munkalipira mashilingi kapena matambala?” popeza kwacha inayamba mu 1971. Mungafunsenso ngati sitima inali itayamba kupitirira mpaka ku Lilongwe, pakuti njanji inafika ku Salima mu 1935 koma ya ku Lilongwe inatsegulidwa mu 1979. Zithunzi nazo zimaulula nthawi: ngati amayi akuvina atavala mathalauzi, kawirikawiri chithunzicho sichikhala cha pakati pa 1973 ndi 1993, zaka zimene kunali lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi.

Nkhani ya munthu mmodzi musaikhulupirire yokha, makamaka ya woimba, poti aliyense amati gulu analiyambitsa ndi iyeyo. Iyerekezeni ndi ya anthu ena awiri, kenaka mukaone nyuzipepala zakale ku National Archives ku Zomba, mukafunsenso ku wayilesi ya MBC, imene yakhala ikujambula oimba kuyambira zaka za m'ma 1960.

Chithunzi akakubwerekani, chijambuleni ndi foni pomwepo, mulembe m'kope mayina a onse ooneka pamenepo kuyambira kumanzere mwini wake akukutchulirani, ndipo mumubwezere musanatsanzike.