Momwe mungakonzere ulendo wa pa phiri la Mulanje osadzimanga manja

Anzanga ena amati ulendo wokoma ndi wongobereka chikwama n'kupita kumene mwendo walozera. M'mbali mwa nyanja zimenezo zimatheka. Pa Mulanje ine ndimakana. Pali zoti mumalize musanachoke pakhomo, ndipo pali zina zoti mukazione muli komweko.

Yambani ndi mwezi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula imadzaza mitsinje, moti kamtsinje komwe munadumpha m'mawa kakhoza kukutsekerani njira madzulo. Meyi mpaka Okutobala kumayendeka bwino, koma mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera mosagogoda, ndipo usiku kumazizira koopsa.

Kenako lembani komwe mudzagone usiku uliwonse. Pamwamba pali nyumba za alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani. Mumapezamo mlonda ndi moto, koma chakudya ndi chofunda n'zanu. Ngati mtima uli pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, njira yomwe ndimaikonda ndi iyi: tsiku loyamba kuchoka ku Likhubula kukagona ku Chambe, lachiwiri ku Chisepo, lachitatu kulawirira kunsonga. Onjezerani tsiku limodzi lopanda chochita, ndi chakudya chake. Ambiri amalidula tsikuli pofuna kusunga ndalama, komatu ndi lomwe limakupatsani ufulu wosintha maganizo.

Mukafika ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, lembetsani dzina, nenani tsiku lotsika, ndipo tengani wokutsogolerani. Mtengo wake, komanso wa wonyamula katundu, mugwirizane musanaponde phiri. Apa sindinyengerera munthu. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anafera pa phirili atapitirira yekha cha ku Sapitwa, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Nkhungu ikaphimba, miyala yonse imafanana.

Tsopano zoti musazilembe papepala. Ola lonyamukira ku Chisepo musalikakamire: tulukani m'mamawa, yang'anani kumwamba, funsani mlonda ndi wokutsogolerani. Akati lero ayi, khalani, phikani nsima, gwiritsani tsiku lija. Ngati kukadali kwakuda mawa lake, tsikani kapena khoterani ku Thuchila. Njira yokwerera ku Chambe nayonso musankhe mutaona mphamvu za gulu lanu. Skyline ndi yaifupi koma yoimirira, pomwe Chapaluka imatsata mtsinje ndipo imakudutsitsani pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba.

Netiweki pa phiri imangobwera apo ndi apo, choncho mapu muwasunge mu foni mukadali m'tauni, ndipo wachibale mmodzi adziwe tsiku lomwe ayenera kuyamba kukufunsani. Nkhuni za mkungudza musazigule ngakhale wina akutsatseni m'njira, chifukwa mtengowu kwawo ndi pa phiri lomweli ndipo watsala pang'ono kutha.