Mwana akangofika m'nyumba yosungira ana kwakanthawi

Mwana akafika ndi a Social Welfare (aofesala a boma oona za chisamaliro cha anthu) kapena apolisi a Victim Support Unit (othandiza ochitiridwa nkhanza), musayambe ndi mafunso. Zimenezi ndimauza mayi aliyense watsopano amene wabwera kudzagwira nafe ntchito kuno ku Chipata. Gwadani kuti maso anu alingane ndi ake, mumuuze dzina lanu, mumuonetse pogona, chimbudzi ndi ndowa ya madzi akumwa. M'buku lembani amene wabwera naye, nthawi, ndi komwe wapezeka, kaya pa Saturday Market, ku Nabvutika kapena kumalire a Mwami. Zofunsa zakunyumba asiyireni aofesala. Mwana akakamba nkhani yowawa kwa anthu ambirimbiri, amatsekeratu pakamwa.

Musanamupatse chakudya, yang'anani mapazi. Dinikizani chala pamwamba pa phazi. Pakatsala kadzenje kumapazi onse awiri, tsitsi n'kukhala lofiirira ndi lapatalipatali, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musamuunjikire nsima chifukwa cha chifundo, thupi lonyentchera silingapirire chakudya chambiri mwadzidzidzi. Ngati satupa, yambani ndi phala lothira nsinjiro, pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. M'mawa mupeza mbamu ya nsima m'thumba la kabudula, ina pansi pa matiresi itazingidwa ndi nyerere. Si kuba, ndipo si dyera. Mwana ameneyu anazolowera kuti akadya lero, mawa palibe wophika. Mukamukalipira pamaso pa anzake mwangomuphunzitsa kubisa mochenjera. Ine ndimamupatsa kachitini kotseka, ndikuikamo nsawawa zokazinga kapena kambatata kophika, n'kumuuza kuti, "Aka nkako, mwanangu, palibe adzakulanda." Ndiye nthawi ya chakudya isasinthe ngakhale kubwere alendo otani. Akaona kuti phala limabweradi m'mawa uliwonse, yekha amaleka kubisa.

Posamba, mtsikana asambitsidwe ndi mayi, ndipo wamkulupo mumupemphe kaye musanamukhudze. Onani mphere pakati pa zala, zipere m'mutu, nsabwe, zipsera za moto kapena mikwingwirima, ndipo zonse zilembedwe. Koma mukakayikira kuti anagwiriridwa, musamusambitse, zovala musachape, thamangirani naye kuchipatala. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72.

Ambiri amakodzera pogona, ngakhale azaka khumi. Yalani pulasitiki pansi pa nsalu, mumudzutse kamodzi usiku, zofunda muchape mwakachetechete. Mkwapulo m'nyumba muno ayi. Lamulo la ana la Children's Code Act la 2022 limaletsa kumenya mwana pomulanga, komanso mwana amene wathawa ndodo kwawo sangakhulupirire dzanja lina lonyamula ndodo.

Kumbukiraninso kuti pano si kwawo. Kufufuza abale kuyambe sabata yoyamba, kudzera mwa aofesala, anyakwawa ndi makomiti akumudzi othandiza ovutika, otchedwa CWAC. Kwa Achewa funsani amalume ndi agogo akuchikazi, kwa Angoni musaiwale akuchimuna. Nthawi zambiri mupeza kuti agogo amamufuna mdzukulu wawo, vuto ndi nkhokwe yopanda kanthu, ndipo aofesala angaone ngati banjalo lingalowe mu Social Cash Transfer, thandizo la ndalama limene boma limapereka kwa mabanja ovutika. Sukulu za boma ndi zaulere kuyambira 2022, choncho mwana asakhale pakhomo kudikira kuti nkhani yake ithe. Kumene kunali nkhanza, asabwezedwe mothamanga ngakhale abale atachonderera bwanji.

Musamulonjeze kuti amayi ake abwera Loweruka ngati simukudziwa. Adzakhala pageti tsiku lonse. Zithunzi zake musaike pa Facebook, ngakhale popempha thandizo la sopo ndi mabulangete. Ndipo asanachoke, muphunzitseni nambala ya 116, yoimbira othandiza ana amene ali pamavuto, mpaka aziitchula pamtima. Ndi yaulere, angayimbe pafoni ya aliyense zinthu zikavutanso kumene wapita.