Momwe mungadzalire kakombo wa m'madzi mu thanki yagalasi ya nsomba

Ambiri amene amaweta nsomba m'thanki yagalasi kuno ku Lilongwe amaikamo maluwa apulasitiki, chikhalirecho m'madambo ndi m'timadamu tozungulira mzinda uno muli kakombo wa m'madzi wakwathu konkuno. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje amamutcha nyika, ndipo kambatata kake ka pansi pa matope kamapulumutsa mabanja nthawi ya njala. Alipo wa maluwa abuluu, Nymphaea nouchali, amene amamasula masana, ndi wa maluwa oyera, Nymphaea lotus, amene amamasula usiku. Onsewa amakula bwino m'thanki.

Musamusokoneze ndi namasupuni. Uyo ndi mlendo wochokera ku South America, yemwe uja amatseka mtsinje wa Shire, ndipo sayenera kusungidwa pakhomo. Namasupuni amayandama thupi lonse, mizu ili lende m'madzi, pamene kakombo amazika mizu m'matope n'kutumiza pamwamba tsamba lozungulira long'ambika mbali imodzi.

Yambani ndi kupempha kwa mwini damu kapena kwa amfumu. Valani majombo ndi magolovesi, chifukwa m'madzi osayenda ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Kambatata kamodzi n'kokwanira. Kafinyeni ndi zala: kolimba ndiye kamoyo, kofewa konunkha kasiyeni pomwepo.

Mukafika kunyumba katsukeni bwinobwino, dulani masamba akale, kenako kasungeni m'ndowa yakeyake kwa masabata awiri. Apa ndi pomwe ambiri amapupuluma. M'masiku amenewa yang'anani kunsi kwa tsamba lililonse latsopano. Mukaona timazira ta nkhono tonga mamina oundana, tipaleni ndi chikhadabo, ndipo madziwo muzisintha kawirikawiri.

Tsopano pezani kamphika kadothi, muikemo dothi lamakande la kudambo lopanda manyowa, pamwamba muthire mchenga wotsuka masentimita awiri kapena atatu kuti madzi asade. Kambatatako kakwirireni theka lokha, mutu wotulukira masamba ukhale poonekera. Mukakakwirira konse kamaola. Ngati muli ndi mbuna kapena nsomba zina zokonda kufukula, zungulizani timiyala pamchengapo.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, choncho asiyeni m'ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri musanawathire. Kamphikako kaikeni kutali ndi pamene fyuluta (chosefera madzi) imalavulira madzi, pakuti masamba oyandama safuna kukankhidwa kapena kuthiridwa madzi pamwamba. Musadzaze thanki mpaka m'milomo. Siyani mpata wa masentimita 10. Kuwala kwa maola 8 mpaka 10 patsiku n'kokwanira.

Ntchito yeniyeni ndi yodula masamba. Akafika pamwamba, kakombo amafulumira, ndipo posakhalitsa pansi ponse pamachita mdima, zomera zina n'kuyamba kufooka. Ine ndimaona kuti masamba atatu kapena anayi ndi okwanira pa thanki ya pabalaza. Enawo muzidula m'tsinde penipeni. Wofuna duwa asiye masamba ochulukirapo ndi kuwonjezera kuwala, ngakhale kuti m'nyumba duwa limavuta kutuluka.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, Lilongwe akazizira, masamba akhoza kuchita chikasu n'kufota onse. Musathamangire kutaya. Kambatata kakakhala kolimba ndiye kuti kakungopuma, ndipo kadzaphukanso madzi akafunda. Masamba odula ndi madzi akale muzithira m'dimba kapena pa kompositi, osati mu mtsinje wa Lingadzi kapena m'ngalande.