Mukatola mwana wa kadzidzi, musamuwete

Mdzukulu wanga anabwera ndi mwana wa kadzidzi m'chipewa, akuti amuwete m'khola la nkhunda. Ndinakana. Malamulo a Malawi salola kusunga mbalame zotere popanda chilolezo, kaya ndi kabawi kapena nkhwazi.

Mukamupeza, yambani mwamuyang'ana bwino. Ngati sanavulale, mukhazikeni panthambi pafupi ndi pomwe mwamutola, makolo ake sakhala patali. Ngati wavulala, mufunditseni chitenje, poti zikhadabo zake zimang'amba dzanja, ndipo mumuike m'katoni yoboola timabowo, pamdima popanda phokoso.

Chonde musamupatse nsima kapena mkaka. Chakudya chake ndi mbewa ndi tizilombo. Madzinso musamuthire kukamwa, angatsamwe.

Tsiku lomwelo dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo, kapena a Lilongwe Wildlife Centre.