Kulimbitsa mpeni wosula pakhomo: moto, mafuta ndi kutenthanso

Mpeni ukhoza kusulidwa mwaluso ndi kunoledwa bwino, koma ngati sunalimbitsidwe moyenera pamoto umabuntha msanga, kapena umabenthuka ukangokhudza fupa. Ambiri amene amasula mipeni pakhomo amataya nthawi yaitali pa nyundo ndi pa galayinda, kenaka n'kuchita mothamanga gawo lomwe limapatsa chitsulo mphamvu yake.

Choyamba ndi kudziwa chitsulo chimene muli nacho, chifukwa si chitsulo chilichonse chimene chimalimba. Chimene chimalimbitsa chitsulo ndi kaboni amene ali m'kati mwake. Masipuling'i akale a galimoto, aja aphanthiphanthi, amakhala ndi kaboni wokwanira, ndipo tupa zakale zimakhala ndi wochuluka kuposa pamenepo. Zitsulo zomangira nyumba ndi zowotcherera mageti nthawi zambiri zimakhala ndi kaboni wochepa, kotero mukhoza kuzitenthetsa ndi kuziviika kangapo konse popanda kusintha kwenikweni. Chitsulo chosachita dzimbiri chimafuna kutentha kwakukulu koyezedwa bwino, ndipo moto wa makala suyenera ntchito imeneyo. Musanasule mpeni wonse, dulani kachidutswa, mukatenthetse mpaka kafiire, mukaviike m'mafuta, kenaka mukamenye ndi nyundo mutavala zoteteza maso. Kakathyoka ngati mbale yadothi, chitsulocho n'chabwino, koma kakangopindika, funani china.

Mpeni uyenera kulowa pamoto usananoledwe. Siyani mbali yodulira ili ndi kunenepa kwa pafupifupi milimita imodzi, pakuti yopyapyala kwambiri imapsa msanga ndipo imakhota kapena kung'aluka m'mafuta. Salazaninso mizere yakuya imene galayinda inasiya, chifukwa mng'alu umayambira pamalo otere, ndipo boolerani mabowo a chigwiriro tsopano, chitsulo chikadali chofewa.

Gwirani ntchitoyi madzulo kapena pamthunzi wabii. Padzuwa chitsulo chimaoneka ngati sichinafiire pomwe chapsa kale mopitirira, ndipo mipeni yambiri imaonongeka pachifukwa chimenechi. Kolezani makala okwanira kukwirira mpeni wonse, mupemerere ndi mvukuto mofatsa, ndipo pafupi muike maginito ochotsa ku sipika yakale ya wailesi. Chitsulo chimaleka kukokedwa ndi maginito chikafika pa madigiri a Celsius pafupifupi 770, ndipo kutentha koyenera kulimbitsira zitsulo zimenezi kuli pamwamba pang'ono, pa madigiri 800 mpaka 830. Choncho maginito akaleka kugwira, bwezerani mpeni pamoto kanthawi kochepa kuti kufiira kuonjezereke pang'ono chabe. Ukayamba kuoneka wachikasu kapena kuthetheka, mwapitirira kwambiri.

Musafulumire kuviika. Chitsulo chimene chamenyedwa ndi nyundo ndi kutenthedwa kambirimbiri chimakhala ndi timibulu tikuluikulu m'kati, ndipo chikalimbitsidwa chili choncho chimathyoka mosavuta. Tenthetsani mpeni mpaka maginito aleke kugwira, muutulutse, muusiye uzizire pamphepo mpaka kufiira konse kuthe, ndipo muchite zimenezi katatu, ulendo uliwonse kutentha kukhale kocheperako pang'ono. Ine ndimaona kuti gawo ili ndi limene limasiyanitsa mpeni wokhalitsa ndi mpeni wa sabata imodzi, ngakhale kuti silionetsa kusintha kulikonse kunja.

Mafuta ophikira, monga a soya kapena a mpendadzuwa, amagwira bwino ntchito yoviikira. Athireni m'chitini chachitsulo chakuya moti mpeni wonse umire, ndipo ayambe afunda kufika madigiri pafupifupi 50 poviikamo chitsulo china chotentha, chifukwa mafuta ofunda amapyapyala ndipo amachotsa kutentha mofulumira kuposa ozizira. Oilo wakale wa injini ndi wosavuta kupeza, koma utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Madzi amaziziritsa mwadzidzidzi kwambiri, ndipo sipuling'i yoviikidwa m'madzi kawirikawiri imang'aluka, nthawi zina mukumva ndi khutu kuti "thi".

Potenthetsa komaliza, koti muuviike, yendetsani mpeni m'makala kuti ufiire mofanana, ndipo yambani kutenthetsa kumsana ndi kuchigwiriro kumene kuli konenepa, pakuti nsonga imapsa yokha mosachedwa. Ukafika pa kutentha koyenera, ugwireni ndi mbaniro ndi kuumiza m'mafuta nthawi yomweyo, nsonga patsogolo, uli chilili. Uyendetseni chokweza ndi chotsitsa, kapena ngati mukucheka mafutawo, koma musaugwedeze cham'mbali, chifukwa mbali imodzi ikazizira msanga kuposa inzake mpeni umakhota. Mafuta akhoza kuyaka, kotero nkhope ikhale patali ndipo chivundikiro chachitsulo chikhale pafupi. Moto wa mafuta suzimitsidwa ndi madzi.

Mpeni ukazizira, pukutani mafuta ndi kupalapo ndi tupa yabwino pa mbali yodulira. Tupa ikaterereka osaluma, chitsulo chalimba. Ikaluma, palani kachiwiri mozamitsa, chifukwa pamwamba pamatsala kachikhungu kofewa kamene moto unachotsamo kaboni. Ikalumabe, ndiye kuti kutentha kunachepa, ndipo mukhoza kubwereza.

Pa nthawi imeneyi mpeni ndi wolimba koma wosachedwa kusweka, moti ukagwa pa simenti ukhoza kuduka pawiri, ndipo ukasiyidwa mpaka m'mawa ukhoza kung'aluka wokha. Uyenera kutenthedwanso pang'ono tsiku lomwelo. Amene ali ndi uvuni wamagetsi auikemo pa madigiri 200 kwa ola limodzi, auziziritse, kenaka abwerezenso ola lina. Amene alibe uvuni awalitse mpeniwo ndi sandipepala, autsamize msana wake pa chitsulo chonenepa chotentha kapena pa mchenga wotenthetsedwa mumphika pambaula, ndipo ayang'anitsitse mtundu umene ukuyenda kuchokera kumsana kupita ku mbali yodulira. Umayamba kuoneka ngati udzu wouma pa madigiri pafupifupi 220, kenaka umadera, ndipo pofika cha pa 300 umasanduka wabuluu. Mpeni wa kukhitchini uchotsedwe ndi kuziziritsidwa mbali yodulira ikangofika pa mtundu wa udzu wouma. Chikwanje, poti chimalimbana ndi mitengo, chisiyidwe mpaka chidere kwambiri. Msana ukakhala wabuluu palibe vuto, koma buluu akafika pa mbali yodulira ya mpeni wa kukhitchini, wafewa mopitirira ndipo uyenera kulimbitsidwanso kuyambira pachiyambi.

Ponola komaliza pa galayinda, viikani mpeni m'madzi pafupipafupi, chifukwa kutentha kwa mwala wozungulirawo kumafewetsa mbali yodulira m'kamphindi, ndipo chizindikiro chake ndi kadontho kabuluu kunsonga. Ndi bwino kumalizira pa mwala wonolera ndi manja, mukuthirapo madzi.