Kumanga pafupi ndi dambo kapena gombe: zoyenera kuchita katapila asanalowe

Malamulo oteteza madambo ndi magombe amasiyana dera ndi dera, koma onse amafunsa za madzi ochoka pamalo anu: akupita kuti, ndipo anyamula chiyani? Mvula yogwa pa ploti yanu imatsikira kukhwawa, khwawa n'kuthira mumtsinje, mtsinje m'nyanja. N'chifukwa chake m'madera ambiri simungakwirire, kukumba kapena kuumitsa dambo popanda chilolezo, ngakhale malowo ali anu.

Pezani malire enieni a dambo mapulani asanajambulidwe. Musaweruze ndi maso nthawi ya chilimwe, chifukwa dambo louma limaoneka ngati mtunda. Kumbani dzenje lakuya masentimita 40 kapena 50. Mukapeza dothi lotuwa la madontho ofiirira ngati dzimbiri, kapena lakuda lonunkha mazira ovunda, dziwani kuti pamenepo madzi amakhalapo miyezi yambiri. Bango, gumbwa ndi mlulu zimachitira umboni womwewo. Pagombe, malire ndi pamene madzi amafika akadzaza: yang'anani mzere wa timitengo ndi zinyalala zimene mafunde anasiya, ndiponso pamene udzu wakumtunda umathera.

Kuchokera pamalirewo, yezani malo oti asakhudzidwe. Malamulo ambiri amatchula mamita 15 mpaka 30, ena kuposa apo, ndiye funsani ku ofesi yoona za chilengedwe. Pamalo otsetsereka onjezerani, popeza madzi amathamanga ndipo udzu supeza mpata wogwira matope. Khomani zikhomo, mangani chingwe choonekera patali. M'malo amenewa musaimikemo magalimoto kapena kuunjikamo dothi. Matayala olemera akapondaponda, nthaka imauma gwa, madzi osalowanso.

Mpanda wa nsalu yosefa matope ndi umene anthu ambiri amaulakwitsa. Umayenera kudutsa mopingasa chitunda, pa msinkhu umodzi, osati kutsika nacho. Kumbani kangalande kakuya masentimita 15, lowetsani m'munsi mwa nsalu, kwirirani ndi kutsendera. Mukangoigoneka pamwamba pa nthaka, madzi amaboola pansi n'kudutsa ndi matope onse. Mitengo yogwira nsalu ikhale kumunsi kwake, motalikirana mamita awiri, ndipo nsonga zonse ziwiri zikhotere kumtunda kuti madzi asazungulire. Matope akafika theka la msinkhu wa mpanda, achotseni. Musaupingase mumtsinje kapena m'ngalande ya madzi othamanga, udzagwa mvula yoyamba. Muziuyendera ikangogwa mvula yamphamvu.

Ngati malo ndi aakulu, kumbani dziwe lodikhitsira matope musanayambe kulambula. Muyeso wa bungwe loteteza chilengedwe la EPA ku United States ndi pafupifupi makyubiki mita 250 pa hekitala iliyonse imene madzi ake amathira m'dziwelo. Lambulani chigawo chimodzi panthawi. Pamene ntchito yaima, phimbani nthaka ndi udzu wouma kapena dzalani udzu pasanathe masiku 14. Vetiva wodzalidwa mumzere wopingasa, mapesi ake motalikirana masentimita 10 mpaka 15, amagwira nthaka bwino akakhwima.

Madzi otsukira makina a konkire ali ndi pH (muyeso wa ukali wa madzi) pafupifupi 12, kutanthauza kuti ndi aukali kwambiri, ndipo amapha nsomba. Atsukireni m'dzenje loyalidwa pulasitiki yolimba, kutali ndi ngalande. Thanki ya dizilo ikhale m'kati mwa kakhoma kotha kusunga 110 peresenti ya mafuta ake. Zimbudzi ndi maenje a madzi oipa zitalikire mamita osachepera 30 kuchokera kumadzi.

Pagombe, ambiri amathamangira khoma la simenti. Mafunde akamenya khoma amabwerera n'kukumba mchenga patsinde pake, komanso amadya gombe la mnansi wanu pamene khomalo lathera. Ngati mafunde si aakulu, gombe lotsetsereka pang'onopang'ono lokhala ndi bango ndi mitengo ya mizu yozama limapirira bwino, ndipo nsomba zimapeza poswanirana.

Opereka chilolezo amafuna muonetse kuti munayesa kupewa dambo, kenako kuchepetsa gawo lokhudzidwa, ndipo kubwezeretsa kwina kumabwera pomalizira. Njira yomalizayi musaidalire: dambo lokumba nthawi zambiri limauma kapena kusanduka thamanda, chifukwa madzi apansi pa nthaka satsatira pulani. Kusuntha msewu kapena nyumba mamita ochepa papepala n'kotsika mtengo kuposa kulamulidwa kufukula dothi limene mwakwirira kale.